Phunziro: Kuzindikira Njinga Yamoto Yakale Musanatulutse Ndalama

Kuseri kwa magalaja, m'misika ikuluikulu ndi m'makhonde a anthu amene anapuma pantchito muli njinga zamoto zakale zimene zikusinthana manja mwakachetechete. Zina zinkayendetsedwa ndi alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, zina zinali za mabungwe othandiza anthu, zina za ku mishoni kapena za m'maesiteti. Zambiri ndi za injini zing'onozing'ono, zosapitirira 200cc, ndipo zinapangidwa ku Japan pakati pa zaka za m'ma 1970 ndi m'ma 1990. Wogula amakopeka ndi mtengo wotsika komanso mbiri yakuti chitsulo chakale ndi cholimba. Mbiriyo ili ndi choonadi chake. Koma njinga imene yatha zaka makumi atatu pamsewu yadutsa m'manja mwa eni ake ambiri ndi amakaniko ochulukirapo, ndipo aliyense anasinthapo kanthu. Thanki inaboola, anaikapo ina. Chishalo chinang'ambika, anasoketsa. Mwina ngakhale injini imene ilipoyo si imene inachokera nayo kufakitale.

Choncho dzina lolembedwa pathanki tilitenge ngati malaya. Munthu atha kuvala yunifolomu ya sukulu imene sanaphunzireko. Sitika ya Honda kapena ya Yamaha imagulidwa pamsika ndi ndalama zochepa, ndipo imamatika pa njinga iliyonse. Chimene chimanena zoona ndi chitsulo: kapangidwe ka injini, manambala odindidwa pafelemu, ndi zilembo zoumbidwa pasilinda. Wosadziwa kuwerenga zimenezi amaluza m'njira zitatu. Amatha kupha injini chifukwa cha oyilo wolakwika, amatha kugula masipeya osalowa, ndipo amatha kupezeka ali ndi katundu wakuba m'manja.

Funso loyamba: injini ndi yamtundu wanji?

Injini za njinga zimenezi zili m'magulu awiri, two-stroke ndi four-stroke, ndipo kusiyana kwake n'kofunika kuposa dzina la kampani. Mu injini ya two-stroke petulo amaphulika nthawi iliyonse pisitoni ikafika pamwamba. Mu ya four-stroke amaphulika kamodzi pa maulendo awiri. Kusiyana kumeneku kumaoneka ndi maso. Ya two-stroke ilibe mavalavu, choncho mutu wake ndi waufupi, wopanda zivindikiro, ndipo pulagi imakhala pamwamba penipeni. Paipi ya ekizozi imayamba yopyapyala, n'kufufuma pakati ngati mimba ya nsato yomwe yameza kalulu, kenaka n'kuchepanso. Ikalira imamveka mokwera ndi mothamanga, ndipo imatulutsa kautsi kobiriwira. Ya four-stroke ili ndi mutu wautali wokhala ndi chivindikiro cha mavalavu, paipi yake ndi yofanana kukula, ndipo kulira kwake ndi kwapansi, kodukizadukiza, kuja kunapatsa njinga zamoto dzina lakuti mthuthuthu.

Utsi wobiriwira pa two-stroke ndi chizindikiro chakuti zinthu zili bwino. Utsi womwewo pa four-stroke ukutanthauza kuti malingi a pisitoni atha ndipo injini ikudya oyilo. Chizindikiro chimodzi, matanthauzo awiri otsutsana.

Nkhani ya oyilo ndiyo imafuna chidwi chachikulu. Mu four-stroke oyilo amakhala pansi pa injini, amazungulira ponseponse n'kubwerera, ndipo mwini njinga amangomuyeza ndi kumusintha. Mu two-stroke oyilo wofewetsa pisitoni amapsa limodzi ndi petulo, motero amatha tsiku ndi tsiku. Pali bowo lothirapo oyilo pambali pa injini, inde, koma oyilo ameneyo ndi wa magiya ndi kilatchi basi, safika kupisitoni. Anthu ambiri ozolowera njinga za masiku ano amathira oyilo m'bowo limeneli, n'kukhutira kuti zonse zatheka, kenaka injini imagwira pakati pa ulendo, pisitoni itamatirira kusilinda.

Makampani a ku Japan anapeputsa ntchitoyi m'zaka za m'ma 1960 poika kathanki kapadera ka oyilo wa 2T ndi pampu yomutumiza kuinjini. A Yamaha anayamba mu 1964 ndipo njira yawo anaitcha Autolube. A Suzuki yawo ndi CCI, pamene a Kawasaki ankalemba Superlube. Kathankiko kamakhala pansi pa chishalo kapena kuseri kwa chivindikiro cha m'mbali, ndipo nthawi zambiri kali ndi kazenera koonera mlingo. Koma kupezeka kwa kathanki sikutanthauza kuti pampu ikugwira ntchito. Amakaniko ambiri pampu ikavuta amaichotsa, n'kulangiza mwini njinga kuti azisakaniza oyilo m'thanki ya petulo. Mwiniyo akamagulitsa amaiwala kunena. Tsatirani kebulo yochokera pachogwirira cha moto: pa njinga imene pampu yake ilipo, kebuloyo imagawikana pawiri, nthambi imodzi kupita kukabureta, ina kutsikira kupampu. Onaninso ngati kapaipi kochokera kukathanki kali ndi oyilo m'kati. Ngati nthambi yachiwiriyo yaduka kapena kapaipi n'kouma, njingayo imafuna oyilo wosakaniza. Mlingo wake umalembedwa motere, 25:1, kutanthauza mamililita 40 a oyilo pa lita imodzi ya petulo. Mlingo woyenera njinga yanu muufunse kwa makaniko wodziwa two-stroke musanailize n'komwe.

Zimene chitsulo chimanena

Mukadziwa mtundu wa injini, gwadani pansi ndi kansanza konyowetsa ndi palafini. Patsinde pa silinda, pamene imakumana ndi thupi la injini, makampani ambiri anaumbapo kukula kwa injiniyo. Nambala yake siikhala yofanana ndendende ndi ya pa dzina. Honda CG125 imalembedwa 124, Yamaha DT125 ndi 123, DT175 ndi 171, AG100 ndi 97, AG200 ndi 196, ndipo Honda CT110 ndi 105. Izi n'zothandiza chifukwa DT125 ndi DT175 zimafanana kwambiri poziona, ndipo wogulitsa atha kukuuzani yaikuluyo pamene silinda ikunena 123. Pisitoni ya imodzi siilowa mwa inzake.

Nambala ya injini imadindidwa pathupi la injini, kawirikawiri pafupi ndi chosinthira magiya kapena pamwamba pa bokosi la magiya. Nambala ya felemu, imene ambiri amati nambala ya chasisi, imapezeka pakhosi pa njinga, pachitsulo chimene foloko imazungulirapo; pindani chiwongolero mbali imodzi kuti muione. Pa njinga za mtundu wa Super Cub imakhala pafelemu cham'munsi, chakumanzere. Musapale ndi fayilo kapena mpeni. Pukutani, pakani choko kuti zilembo zituluke, kapena ikani pepala pamwamba n'kulisisita ndi pensulo.

Pa njinga zakale za Honda nambala ya felemu imayamba ndi dzina la mtundu wa njingayo, ndipo ya injini imayambanso chimodzimodzi koma ndi chilembo E chowonjezera, monga CG125E. Manambala otsatira pambuyo pake sakhala ofanana pakati pa felemu ndi injini, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa. Ndi mmene ankachitira a Honda. A Yamaha m'zaka za m'ma 1970 ankadinda nambala imodzimodzi pafelemu ndi painjini, kotero Yamaha ya nthawi imeneyo ikasiyana manambala, dziwani kuti injini inasinthidwa.

Kuyambira mu 1981 kunafala dongosolo la nambala ya zilembo ndi manambala 17, yotchedwa VIN. Zilembo zitatu zoyambirira zimanena dziko ndi kampani. J ndi Japan: JH2 ndi Honda, JYA ndi Yamaha, JS1 ndi Suzuki, JKA ndi Kawasaki. Yoyamba ndi L inapangidwa ku China. MD2 ndi Bajaj ya ku India, ndipo 9C2 ndi Honda yopangidwira ku Brazil. Mu VIN mulibe zilembo I, O ndi Q, poopa kuzisokoneza ndi 1 ndi 0. Mukaziona, wina anaidinda yekha. Pa njinga zambiri chilembo cha nambala 10 chimanena chaka: A ndi 1980, B ndi 1981, kumapita chotero, kudumpha zilembo zitatu zija pamodzi ndi U ndi Z, mpaka Y amene ndi 2000. Kuchokera 2001 mpaka 2009 ankalemba manambala 1 mpaka 9, ndipo mu 2010 anayambiranso pa A. Chenjezo ndi lakuti dongosololi linakhwima msanga ku America; njinga zambiri zopita ku misika ina zinapitirizabe ndi manambala aafupi kwa zaka zingapo. Nambala yaifupi payokha si umboni wa chinyengo.

Palinso chizindikiro china chimene aliyense wogula njinga yolembedwa Honda ayenera kuchiloweza pamtima. Mafakitale a ku China amadinda painjini zawo nambala yoyamba motere: 157FMI, 162FMJ, 152FMH kapena 139FMB. Nambala 1 ikunena silinda imodzi, ziwiri zotsatirazo zikunena kutambalala kwa silinda m'mamilimita, F ndi injini yozizira ndi mpweya, M ndi njinga yamoto, ndipo chilembo chomaliza ndi kukula kwake: B ndi 50cc, H ndi 110cc, I ndi 125cc, J ndi 150cc. Injini zimenezi sizoipa, ndipo masipeya ake ali ponseponse. Koma si za Honda, ndipo munthu asakulipiritseni mtengo wa Honda chifukwa cha sitika.

Banja la Honda

Tiyambe ndi Super Cub, imene inatuluka mu 1958 ndipo pofika 2017 inali itapangidwa yoposa 100 miliyoni, kuposa galimoto kapena njinga yamoto ina iliyonse. Siivuta kuizindikira. Pakati pake ndi potsika moti wovala chitenje amakwera osadumphitsa mwendo, kutsogolo ili ndi zotchinga miyendo zapulasitiki, thanki ili pansi pa chishalo, silinda yagona chopingasa kuloza tayala lakutsogolo, ndipo kudzanja lamanzere kulibe chogwirira cha kilatchi chifukwa kilatchi yake imadzigwira yokha. Mitundu yake ndi C50, C70 ndi C90. Mlongo wake wa m'tchire ndi CT90 ya 1966 ndi CT110 ya 1980, zimene zili ndi injini yogona yomweyo koma ekizozi yokwezedwa m'mwamba, kaliyala wamkulu, ndipo zilibe zotchinga miyendo. CT110 inatchuka ku Australia chifukwa ndi imene onyamula makalata ankayendera. Zina mwa izo zili ndi kachitsulo kena pansi pa injini kosinthira ku magiya amphamvu okwerera phiri.

Pa njinga za 125cc pali mitundu iwiri ya injini za Honda imene imasokoneza anthu, ndipo mbiri yake ndi yophunzitsa. Poyamba panali injini ya CB125 ndi XL125, imene chitsulo chotsegula mavalavu, kamushafuti, chili m'mutu mwa injini ndipo chimazunguzidwa ndi katcheni ka m'kati. Chitsulocho chimazungulira pa aluminiyamu wa mutuwo popanda bering'i, motero chimadalira oyilo woyera. Akatswiri a Honda atayendera maiko a kum'mwera chakum'mawa kwa Asia anapeza kuti eni njinga ankayenda ndi oyilo mpaka ade ngati phula, ankanyamula katundu wopyola muyeso, ndipo ankapita kwa makaniko pokhapokha njinga itaima. Sanadzudzule ogulawo. Anabwerera kwawo n'kupanga injini yopirira moyo wotero, ndipo ndiyo CG125 imene inatuluka chapakati pa zaka za m'ma 1970. Mu CG kamushafuti ili pansi, m'thupi la injini momwe oyilo ndi wochuluka, ndipo imakankha mavalavu kudzera pa timitengo tiwiri tachitsulo. Injini imeneyi ndiyo inakoperedwa ndi mafakitale ambiri a ku China, ndipo zidzukulu zake ndi zimene zikunyamula anthu pa kabaza lero.

Pozisiyanitsa yang'anani mutu wa injini kumanzere. Ya XL kapena CB ili ndi kachivindikiro m'mbali mwa mutu, pamene pali mapeto a kamushafuti. Ya CG m'mbali mwake mulibe kanthu, ili ndi chivindikiro chimodzi pamwamba. Kwa munthu wa kumudzi, kutali ndi sitolo ya masipeya, ine ndingasankhe CG kapena chilichonse cha mtundu wake. XL125 ndi njinga yabwino m'misewu yafumbi, yaitali miyendo ndiponso yosamwa mafuta, koma yakale imene mwini wake ankachita ulesi ndi oyilo imakhala itadyeka m'mutu, ndipo mutu wa injini si chinthu chotchipa. Ikamalira ngati muli timiyala kumtunda kwa injini, tsitsani mtengo kapena isiyeni.

Njinga za m'tchire ndi za kumunda

Njinga yoyenda pamsewu wa tala ndi m'tinjira ta m'tchire momwe inatchuka ndi Yamaha DT-1 ya 1968, ya 250cc. Kuchokera pamenepo makampani onse anayi a ku Japan anapanga zawo, ndipo maonekedwe ake ndi amodzi: tayala lakutsogolo lalikulu, kawirikawiri la mainchesi 21, lakumbuyo la 18, madigadi yakutsogolo yokwezeka kuti matope asatsekere, ekizozi yodutsa m'mwamba, ndi mpata waukulu pakati pa injini ndi nthaka. Zilembo za dzina zimathandiza. DT ya Yamaha, TS ya Suzuki ndi KE ya Kawasaki ndi za two-stroke. XL ya Honda ndi XT ya Yamaha ndi za four-stroke. Kawasaki KE100 ili ndi chodabwitsa chake: mukayang'ana kuseri kwa silinda simupeza kabureta, chifukwa inabisidwa m'mbali mwa injini, m'kati mwa chivindikiro chakumanja. Wosadziwa amaganiza kuti yachotsedwa.

Gulu lina ndi limene anthu a m'maboma akumidzi amalidziwa bwino chifukwa cha alangizi ndi ogwira ntchito m'mabungwe: njinga za kumunda. Yamaha AG100 inatuluka mu 1973, yopangidwira alimi a nkhosa ndi ng'ombe a ku Australia ndi New Zealand, ndipo pambuyo pake kunabwera AG200. Suzuki inapanga TF125 ndi TF185. Zizindikiro zake zonse zimachokera ku ntchito ya mlimi. AG ili ndi sitandi mbali zonse ziwiri kuti iime ngakhale pamalo otsetsereka. Tcheni chake chatsekeredwa m'bokosi kuti fumbi ndi udzu zisachidye. Ili ndi kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, zitsulo zoteteza manja pachiwongolero, chishalo chachifupi cha munthu mmodzi, ndiponso kachitsulo komangira kilatchi kuti wokwera atsike kukatsegula chipata injini ikulira. Giya yake yoyamba ndi yotsika kwambiri, yoyenda ngati munthu wapansi.

Msampha uli apa: AG100 ndi two-stroke, AG200 ndi four-stroke. Maina ndi ofanana, maonekedwe ndi ofanana, koma kasamalidwe kake n'kosiyana kotheratu. Bokosi la tcheni, sitandi yachiwiri ndi zoteteza manja nthawi zambiri zimakhala zitachotsedwa kalekale, komabe timakutu tachitsulo pamene zinkamangidwa timatsalira pafelemu, ndipo timeneto timaulula kuti njingayo inabadwa ili AG.

Pali gulu lachitatu limene ndi loyenera kulizindikira kuti mulipewe. Izi ndi njinga za mpikisano: YZ ya Yamaha, CR ya Honda, RM ya Suzuki ndi KX ya Kawasaki. Zimaoneka zokongola, zazitali, za matayala a mano akuluakulu, ndipo zimakopa anyamata. Zilibe nyali, zilibe hutala, zilibe kiyi ngakhale chowerengera liwiro, pakuti zinapangidwira bwalo la mpikisano osati msewu. Zakalezo ndi za two-stroke zofuna oyilo wosakaniza m'thanki, zimamwa petulo kwambiri, ndipo pisitoni yake imawerengedwa moyo m'maola, osati m'zaka. Wina atha kumangirirapo nyali ndi mawaya n'kunena kuti ndi DT. Yang'anani ngati pafelemu pali malo opondapo wokwera wachiwiri ndi pomangira kaliyala. Ngati palibe, njingayo siidzanyamula thumba la chimanga, ndipo siidzakuthandizani kupititsa wodwala kuchipatala.

Mwa apo ndi apo m'nyumba zakale mumapezeka njinga za ku Britain, monga BSA Bantam imene inapangidwa kuyambira 1948 mpaka 1971. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti chosinthira magiya chili kuphazi lamanja ndipo buleki ili kumanzere, mosemphana ndi njinga zimene tazolowera. Mabawuti ake ndi a miyeso ya Chingelezi, moti sipanala za mamilimita zimangowaphwanya m'mbali. (Chosangalatsa n'chakuti Bantam ndi njinga yoyamba ya Yamaha, YA-1 ya 1955, zonse zinakoperedwa ku njinga imodzi ya ku Germany, DKW RT125.) Njinga yotere si yogwirira ntchito masiku ano, koma musaigulitse pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha, chifukwa alipo anthu osunga zinthu zakale amene amaifuna yathunthu.

Kuyerekeza zaka

Nambala ikakhala yosanena chaka, thupi la njinga limapereka chithunzi. Onani masipuling'i akumbuyo, amene amakaniko amati mashoko. Njinga za m'tchire zoyambirira zinali ndi awiri, lina kumanja lina kumanzere. A Yamaha anayamba kuika limodzi lalitali, lobisika pansi pa thanki ndi chishalo, pa njinga za mpikisano chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo pa DT linafika chakumapeto kwa zaka zomwezo. A Honda ndi a Suzuki anatsatira cha m'ma 1981 ndi njira zawo zotchedwa Pro-Link ndi Full Floater. Choncho njinga ya shoko limodzi siingakhale ya 1970. Koma ya mashoko awiri itha kukhala ya chaka chilichonse, popeza njinga za ntchito monga AG ndi CG zinakhalabe choncho kwa zaka zambiri osasintha.

Magetsi nawonso amanena zaka. Zakale kwambiri zinali za mavoti 6, zatsopanoko ndi za mavoti 12. Batire la mavoti 6 lili ndi tizivindikiro titatu, la 12 lili ndi tisanu n'kamodzi. Batire likasowa, werengani pa babu kapena pa hutala. Kuika batire la 12 pa njinga ya 6 kumapsereza mababu onse nthawi imodzi. Moto wa kupulagi pa njinga zakale unkadulidwa ndi mapointi, tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutseka, tofuna kuchunidwa kawirikawiri. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 m'malo mwake munayamba kulowa kabokosi kakuda ka CDI. Mabuleki a dilamu kutsogolo ndi chizindikiro china cha ukale, ngakhale kuti n'chofooka pachokha.

Chowerengera mtunda musachikhulupirire. Chambiri chili ndi manambala asanu ndipo chikafika 99,999 chimayambiranso pa ziro, komanso kebulo yake ikaduka anthu saigulanso. Zoona zake muzipeza pa mphira wopondapo, pa chitsulo cholizira ngati chagwedera, pa mano a sipuloketi ngati asongoka n'kupindika, ndi pa mitu ya mabawuti a injini: yophwanyika ikusonyeza kuti injini yatsegulidwa kambirimbiri. Pa matayala palinso manambala anayi, monga 2315, kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2015. Amenewo amanena zaka za tayala, osati za njinga, koma amakuuzani kuti njingayo yakhala nthawi yaitali bwanji ili chiimire.

Manambala ndi mapepala

Zonse takambazi zimakumana pa blue book. Nambala ya felemu ndi ya injini zimene mwawerenga pachitsulo zifanane chilembo ndi chilembo ndi zimene zalembedwa m'bukumo, ndipo dzina la mwini lifanane ndi chiphaso cha unzika cha amene akugulitsayo. Werengani nokha, musalole wogulitsa kukuwerengerani. Manambala a kufakitale amakhala pamzere wowongoka, akuya mofanana, otalikirana mofanana. Odindidwa ndi nyundo kuseri kwa nyumba amakhala okwera ndi otsika, ena akuya ena osaoneka bwino. Sisitani pakhosipo ndi chala. Pakakhala polowa m'kati, posalala mosiyana ndi pozungulira, pakakhala penti yatsopano pamalo amenewo okha kapena chipsera cha kuwotcherera, wina anafufuta nambala yakale. Pamenepo palibe zokambirana mtengo. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu m'malamulo a dziko lino, ndipo apolisi akailanda njingayo ndalama zanu sizibwerera.

Njinga imene inali ya boma kapena ya bungwe iyenera kukhala ndi kalata yosonyeza kuti inagulitsidwa mwadongosolo, ndiponso lisiti. Mawu akuti "ndinapatsidwa ndikupuma pantchito" si pepala. Imene inalowa kuchokera kunja, monga zambiri zodutsa m'malire a Mozambique ndi Tanzania, ikhale ndi mapepala a MRA osonyeza kuti msonkho unaperekedwa, apo ayi idzavuta kulembetsa. Pamene mukukayika, pitani ndi wogulitsayo ndi njingayo kupolisi kuti akaone manambala. Wogulitsa woona mtima sakana ulendo umenewu. Mukagwirizana, lemberanani kalata ya malonda yokhala ndi manambala onse awiri, mtengo, tsiku ndi mboni, kenaka mukasinthe umwini ku ofesi ya Road Traffic msanga. Magulu a m'midzi ogula njinga ndi ndalama za gulu alembe manambalawo m'buku la gulu, ndipo kalatayo isungidwe ndi mlembi, osati woyendetsa.

Nthawi zambiri mudzapeza njinga imene felemu yake ndi ya Yamaha kapena Honda yeniyeni koma injini ndi ya 157FMI, chifukwa yoyambayo inafa ndipo mwini wake anaona kuti kugula ya ku China n'kotchipa kuposa kukonza. Njinga yotere itha kukutumikirani bwino, bola mtengo wake ukhale wa njinga yosakaniza ndipo nambala ya injini yatsopanoyo ikalembetsedwe ku Road Traffic kuti igwirizane ndi buku. Popita kogula masipeya muzitenga manambala onse awiri papepala: za mabuleki, mabering'i a matayala, foloko ndi mashoko muzifunsa potchula felemu, pamene pisitoni, malingi, kilatchi ndi magasiketi muzifunsa potchula injini. Sipuloketi yakutsogolo ndi ya injini, yakumbuyo ndi ya tayala, ndipo zonse ziwiri ziyenera kugwirizana ndi nambala yodindidwa pa tcheni, imene pa njinga zazing'onozi imakhala 420 kapena 428.